Mipando ya ndege kuti ifike pa Mzuzu, ndalama zimathera pati?

Achimwene, funso lanu ndalimva. Mwati mwaona pa intaneti anthu a ku Ulaya ndi ku America akugulitsa mipando yochotsedwa m'ndege zakale pamtengo wooneka wotsika, ndiye mukufuna kudziwa mmene malonda amenewa amayendera, komanso ngati munthu wa pa Mzuzu angaitanitse kontena, ina n'kuika m'holo yanu yoonetsera mpira ku Chibavi, ina n'kugulitsa kwa eni minibasi, mwinanso kwa kampani ya ndege. Ine geni yanga ndi mipando ya mu ofesi ndi ya m'saluni, ndimaoda ku Dar es Salaam n'kulowa nayo pa Songwe. Ya ndege inadutsapo m'manja mwanga pamene mwini malo ena ogona alendo kunyanja anandipempha kuti ndimuthandize kuitulutsa padoko. Choncho ndikuyankhani monga munthu wa pa boda, wozolowera kuwerengera katundu asananyamuke.

Malonda a mipando ya ndege alipo awiri, ndipo sakumana. Ena ndi a mipando yokakwezedwa m'ndege kuti iuluke ndi anthu, ena ndi a mipando imene yatsika ndipo sidzaulukanso. Amene mwaona inuwo ndi achiwiriwa. Oyambawo ndiwafotokoza kaye, kuti maganizo ogulitsa kwa kampani ya ndege muwachotse lero lomwe.

Wogula mpando woti uuluke sayang'ana kukongola kwa nsalu, ndalama zake amalipira mapepala. Ku America za ndege amayang'anira ndi a FAA, ku Ulaya ndi a EASA. M'chaka cha 2005 a FAA anakhazikitsa lamulo loti ndege zazikulu zonyamula anthu zopangidwa kuyambira pa 27 Okutobala 2009 zikhale ndi mipando yopirira mphamvu imene iwo amaitcha 16g. Poyesa, amamanga mpando pa kangolo koyenda panjanji, n'kukhazikapo chidole cholemera mofanana ndi munthu wamkulu, kenako kangoloko amakagwedeza mwadzidzidzi moti mphamvu yokankha chidolecho imafika ka 16 kuposa kulemera kwake. Miyendo ya mpando isazuke pansi, lamba asaduke, mutu wa chidole usamenye kutsogolo mopitirira muyeso. Siponji ndi nsalu amaziyesa padera ndi moto. Mpando ukakhoza zonsezi umakhomedwa kachitsulo kolembedwa nambala yake ndi tsiku limene unapangidwa, ndipo kulikonse kumene ukupita umayenda ndi chikalata, EASA Form 1 kapena FAA 8130-3. Popanda chikalatacho palibe injiniya amene angasaine kuti ulowe m'ndege, ngakhale ukhale watsopano uli m'pulasitiki. Uli ngati galimoto yopanda blue book: ilipo, mukuiona, koma pamsewu siyenda.

Kuti muone kulemera kwa mapepala amenewa, mu 2010 kampani ya ku Japan ya Koito Industries inavomera kuti inkanama pa zotsatira za mayeso a mipando yake. Nkhaniyi inakhudza mipando pafupifupi 150,000 ya m'ndege pafupifupi 1,000 za makampani 32. Mipandoyo anthu ankakhalapo tsiku ndi tsiku, maonekedwe ake bwinobwino, koma chifukwa mapepala anali abodza, makampani analamulidwa kuiyesanso, ndipo yolephera inachotsedwa. Ndege zina zatsopano zinachedwa kuperekedwa kwa eni ake poyembekezera mipando ina.

Opanga mipando yotere ndi ochepa, mukhoza kuwawerenga pa zala. Pali Recaro ya ku Schwäbisch Hall ku Germany, Collins Aerospace ya ku America imene ili ndi fakitale yaikulu ku Kilkeel ku Northern Ireland, Safran ya ku France imene inagula Zodiac Aerospace mu 2018, Thompson Aero Seating ya ku Northern Ireland komweko, Geven ya ku Italy, Jamco ya ku Japan, ndi ena angapo. Kampani ya ndege ikaoda ndege kwa Boeing kapena Airbus, nthawi zambiri mipando imasankha ndi kugula payokha, n'kuuza wopangayo kuti akaipereke ku fakitale ya ndegeyo pa nthawi yake. Oda imaperekedwa ndege isanayambe n'komwe kulumikizidwa. Mpando umodzi wa anthu wamba umadya madola masauzande angapo, pamene wa mabwana, uja umagona n'kusanduka bedi, umafika madola masauzande makumimakumi, ina kudutsa 100,000. Maiko opanga ndegewa alinso ndi pangano lawo limene linayamba kugwira ntchito mu 1980, lochotserana msonkho pa ndege zonyamula anthu ndi zipangizo zake. Malawi sali m'pangano limenelo.

Kuno kwathu wogula mipando yotere ndi ndani? Malawi Airlines inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itagwa, boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ndege zake ndi zochepa, ndipo anzawo a Ethiopian ali ndi malo akuluakulu okonzera ndege ku Addis Ababa. Mukuona kuti munthu wotuluka ku Chibavi ndi mizere khumi ya mipando yopanda chikalata alibe khomo loti agogodepo. Za pabwalo lathu la ndege pano pa Mzuzu sindinena n'komwe, zimene zimatera pamenepo mumaziona nokha kukula kwake.

Tsopano tibwere ku malonda amene inu ndi ine tingalowemo. Ndege ikakalamba imakaimikidwa kumalo kouma, monga ku Teruel ku Spain, ku Marana ku Arizona kapena ku Victorville ku California, ndipo ina imaphwasulidwa ku Tarbes ku France kapena ku Cotswold Airport ku England. Ophwasula ndalama zawo zili pa mainjini, pa miyendo yoterera ndi pa zipangizo za kutsogolo kwa oyendetsa. Mipando kwa iwo ndi katundu wodzaza malo. Imene idakali ndi moyo amaitumiza kwa okonza ovomerezeka, imapatsidwa chikalata chatsopano n'kugulitsidwa kwa makampani ang'onoang'ono a ndege. Yotsalayo ndi imene imafika pa intaneti, pamodzi ndi ina imene makampani amachotsa akamasintha maonekedwe a m'kati mwa ndege zawo. Kawirikawiri kachitsulo ka nambala kaja amakachotsa kapena kukaononga dala kuti wina asadzaubwezere m'ndege mwachinyengo. Ndiye kutsika mtengo kuja kusakudabwitseni, wogulitsa akufuna malo m'nyumba yake yosungira katundu. Kungoti kuchokera pakhomo pake mpaka pa Mzuzu, zonse zili pamutu panu.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene mpamba umathera. Sitima yapamadzi katundu wopepuka salipiritsa potengera kulemera, amayeza malo amene watenga, ife timati ma CBM, kutanthauza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Mipando ya m'ndege monga Boeing 737 kapena Airbus A320 sibwera umodziumodzi, imabwera itatu yolumikizana pa chitsulo chimodzi. Mzere umodzi wotere m'lifupi ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, kutalika kupita m'mwamba kuposa mita, ndipo ukamangidwa pa thabwa lonyamulira umadutsa CBM imodzi. Anthu atatu okha pa CBM yathunthu! Mipando ya mu ofesi imene ndimaoda ine imabwera yomasula, miyendo payokha, chotsamira pachokha, m'makatoni afulati, ndipo pa malo omwewo ndimalowetsa yambiri. Ya ndege simasuka chotero. Ukaimasula umafuna munthu woidziwa kuti aibwezere, ndipo mabawuti ake ambiri ndi a mainchesi, sipanala zathu za mamilimita zimangozungulira. Kontena ya mafiti 20 pa pepala imalowa ma CBM 33, ya mafiti 40 imalowa 67, koma katundu wokhotakhota ngati ameneyu sadzaza mpaka m'makona, malo ambiri mumalipira mpweya.

Ngati simukudzaza kontena yanuyanu, katundu wanu amamuphatikiza ndi wa anthu ena. Kumeneko mtengo wa pa CBM umaoneka wabwino pamene mukugwirizana, koma kontena ikafika ku Dar es Salaam pamatuluka zolipira zina: zotsitsira, zotsegulira kontena, za nyumba yosungira, za ejenti. Masiku aulere padoko ndi ochepa, akatha ndalama yosungira imayamba kuwerengedwa tsiku ndi tsiku, m'madola. Chimene chimachedwetsa anthu ambiri si sitima ayi, ndi pepala limodzi losowa. Bill of lading (chikalata cha a sitima chosonyeza mwini katundu), invoice (pepala la mtengo) ndi packing list (mndandanda wa zimene zapakidwa) zikhale m'manja mwa ejenti wanu sitima isanakocheze, ndipo dzina lanu lilembedwe chimodzimodzi pa zonse zitatu. Pa bill of lading palembedwenso kuti katunduyo ndi wongodutsa, akupita ku Malawi. Mukaiwala mawu amenewo a ku Tanzania amamuona ngati wolowa m'dziko mwawo, ndipo kukonza pepala sitima itafika kale kumadya masabata.

Katundu akatuluka padoko amayenda pa bondi (chikole cha msonkho wa katundu wongodutsa), atamatidwa, kudzera ku Morogoro, Iringa, Makambako, kukhota pa Uyole musanalowe Mbeya, kutsika Tukuyu mpaka pa Kasumulu, kuoloka mlatho kulowa pa Songwe. A Malawi Cargo Centre ali ndi malo ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya kuyambira nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za Beira ndi Nacala, ndipo ambiri a ife timadzera kwa iwo kapena kwa maejenti ena ovomerezeka. Kuchoka pa Songwe ndi Karonga, kukwera Chiweta, mpaka kuno. Wa thiraki nayenso amawerengera malo. Ndipo muuzeni asaike matumba a simenti kapena matailosi pamwamba pa mipando, chifukwa zotsamira ndi timatebulo takumbuyo sitichedwa kuthyoka.

Koma zonsezi zisanayambe pali nkhani ya madola. Wogulitsa wa ku England kapena ku Arizona sadziwa kwacha, sadziwanso shilingi. Mupita ku banki ndi proforma invoice, pepala la mtengo limene wogulitsa amapereka musanalipire, kukapempha kuti akutumizireni ndalama, ndipo mukaima pamzere umodzi ndi oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Mukuganiza kuti mipando yoonerera mpira aiika patsogolo? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'zaka za 2024 ndi 2025 mtengo wa ku banki unaima cha m'ma K1,750 pa dola, pamene wa kuseri unathamanga kutali kwambiri. Ife ooda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam vuto limeneli timalidziwa, koma katundu wathu amatenga masiku ochepa kuchoka pogula kufika pa shelefu. Wanuyu kuchokera tsiku lolipira mpaka tsiku loyamba kukhalapo munthu padutsa miyezi, ndipo miyezi yonseyo ndalama yanu ili pamadzi, kwacha ikuchita zake. Powerengera musagwiritse mtengo wa dola wa lero, ikani malo opumira.

Pa Songwe a MRA adzafuna TPIN yanu, ndipo katundu wa mtengo wotere salowa ndi kapepala ka apaulendo, ejenti ayenera kumulowetsa mu kompyuta yawo ya ASYCUDA. M'buku la msonkho limene pafupifupi maiko onse amagwiritsa ntchito, mipando ya ndege ili ndi nambala yakeyake, 9401.10. Taonani bwino: ili m'chaputala 94, cha mipando, mabedi ndi matebulo, osati m'chaputala 88 cha ndege. Alipo madobadoba a pa boda amene adzakuuzani kuti zipangizo za ndege sizilipira msonkho, mungowapatsa kangachepe akonze. Musamvere. Ofisala akuona kuti mulibe ndege, ndipo ngati wogulitsa anaiikira kale miyendo ya m'nyumba kapena mateyala, nambala imasintha, imapita kwa mipando wamba. Ejenti wanu atsegule buku la MRA akuonetseni ndi chala mzere umene katundu wanu agwerepo musanatumize ngakhale dola imodzi.

Msonkho sawerengera pa mtengo umene munagulira wokha. Tiyerekeze mzere umodzi mwaugula madola 300. A MRA aphatikizapo ndalama yonyamulira ndi ya inshulansi, pa zonsezo n'kuikapo msonkho wolowetsera katundu, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonse, kuphatikizapo msonkho womwewo. Ndiye kukula kwa katundu kuja kumakulumani kawiri, koyamba kwa a sitima, kachiwiri pa boda. Komanso katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ofisala ali ndi mphamvu yokana mtengo wa pa invoice akauona kuti wachepa, n'kuika wake. Chimene chimakuombolani ndi umboni wa ku banki wosonyeza ndalama imene inatumizidwadi, choncho kulipira kudzera kwa msuweni wa ku Leeds kuti muzembe mzere wa ku banki kumadzakusowetsani chonena pa kauntala. Pa mipando ya kasitomala wanga uja, titaphatikiza zonse, mtengo wa pa intaneti unali kagawo kakang'ono kuposa zina zonse.

Wina adzakuuzani kuti mukagule ku Johannesburg kapena ku Dar komweko kuti mupeze mwayi wochepetsa msonkho pakati pa maiko a SADC. Mwayi umenewo umatsata kumene katundu anapangidwa, osati kumene mwamugula. Mpando wa Recaro wopangidwa ku Germany ndi wa ku Germany ngakhale utagona zaka khumi m'nyumba yosungira katundu ku Kempton Park, pafupi ndi Johannesburg. Ubwino wogula pafupi ndi wina: mukhoza kupita kukaiona ndi maso, kuikhalira, n'kuikweza pa thiraki popanda za sitima.

Pali zinthu ziwiri zoti wogulitsa achotse asanapakire. Pansi pa mpando pamakhala kathumba ka jekete yopulumutsira pamadzi, ndipo jeketeyo ili ndi kabotolo ka mpweya wopanikizidwa. Malamba ena, makamaka a mizere yakutsogolo ndi a mabwana, ali ndi chikwama chofufuma pangozi, chokhala ndi botolo lakenso. A sitima zinthu zimenezi amaziika m'gulu la katundu woopsa, ndipo zikapezeka zosalembedwa kontena yonse imaimitsidwa, kuphatikizapo katundu wa anzanu amene mwaphatikizana nawo. Matabwa omangirapo akhalenso ndi chidindo chosonyeza kuti anawotchedwa kupha tizilombo.

Tinene kuti yafika. Chodabwitsa choyamba, mpando wa ndege suima wokha. Miyendo yake inapangidwa kuti izilowa m'tinjanji ta pansi pa ndege, tokhala ndi mabowo otalikirana inchi imodzi, n'kumangidwa mmenemo. Mukauika pa simenti munthu n'kutsamira, onse atatu agwa chagada. Pafunika owotcherera akupangireni chimango cha chitsulo, ndipo muwauziretu kuti miyendoyo ndi ya aluminiyamu, makina awo a ndodo sagwira pamenepo, angoiboola ndi moto n'kuiononga. Chimango chiwotcheredwe pachokha, mpando umangidwe ndi mabawuti. Anyamata a ku Luwinga ntchito imeneyi amaitha bwino akaona mwendo umodzi. Timawailesi takanema ta kumbuyo kwa mipando tiiwaleni. Magetsi a m'ndege ndi a mavoti 115 pa 400 Hz, a ESCOM ndi 230 pa 50 Hz, komanso timawailesito timadalira kompyuta yaikulu imene inatsala m'ndege. Chimodzimodzi mipando ya mabwana yoyendera magetsi: ikafika ili chogona, ikhala chogona mpaka mutapeza katswiri. Ya anthu wamba ndiye yabwino, kabatani kotsamiritsa kamayendera kampope kakang'ono kosafuna magetsi.

Kumbukiraninso nyengo yathu. Mipando imeneyi yachokera kouma, ikubwera ku Mzuzu kwa chinyezi ndi mvula yamawawa. Ya nsalu imayamba chuku msanga m'holo yosapita mphepo, ndipo anthu oonera mpira amabwera ndi chipisi ndi zakumwa. Sankhani yachikopa, yongopukuta. Timatebulo takumbuyo ndikadakhala ine ndikadatimasula tsiku loyamba, chifukwa chigoli chikalowa pa Arsenal ndi Manchester United palibe amene adzakumbuke kuti kutsogolo kwake kuli kanthu kosachedwa kuthyoka.

Za minibasi ndikukanizani. Mzere wa mita imodzi ndi theka mukauika mu Hiace simutsala kanjira kopitira kumbuyo. Kulimba konse kuja kwa 16g kumadalira tinjanji timene mpando unayesedwa nato, ndiye mukaumanga ndi mabawuti anayi pa lata la pansi pa minibasi, pangozi udzazuka ndi anthu ake. Galimoto ilinso ndi chiwerengero cha mipando cholembedwa m'mapepala ake, a Road Traffic amachiona popereka COF, ndipo a inshulansi akapeza kuti munasintha osawauza apeza pothawira. Mwini minibasi amafuna mipando yopyapyala yolowetsa anthu ambiri, sangakulipireni mtengo umene mudzakhale mutafikapo.

Kwa holo yanu maganizo anga ndi awa. Kontena yathunthu ayi. Msika wa katundu ameneyu kuno ndi wochepa: malo ogona alendo angapo ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche, mabala awiri atatu, mwina ometa tsitsi ofuna kutchuka, mwinanso sukulu yophunzitsa za alendo. Onsewa amagula mzere umodzi kapena iwiri, kamodzi basi, sabweranso. Katundu amene ine ndimamukonda ndi amene kasitomala amabwera kudzagulanso, ndipo uyu si ameneyo. Koma mizere inayi kapena isanu yoika kutsogolo, yolipiritsa mtengo wapadera, ina yonse n'kukhala mabenchi a kalipentala wa ku Zolozolo, imeneyo ikhoza kubweza ndalama zake chifukwa anthu adzabwera kudzajambulitsa. Ngati mungapeze anzanu awiri ofunanso, phatikizanani pa bill of lading imodzi, chifukwa zolipira zambiri za padoko ndi za ejenti zimawerengedwa pa pepala, osati pa mpando.

Musanalipire, wogulitsa akuimbireni pa vidiyo ali pafupi ndi mipandoyo, autembenuze umodzi muone miyendo ndi pansi pake, akanikize kabatani muone ngati chotsamira chikubwerera chokha. Zithunzi zokha musazikhulupirire, akuba amangozitenga pa masamba a makampani enieni, ndipo chizindikiro chawo n'chakuti amafuna ndalama itumizidwe m'dzina la munthu osati la kampani. Akulembereni pa proforma miyeso ya thabwa lililonse atamanga kale, kulemera kwake, dziko limene mipandoyo inapangidwa, mawu oti si yoti n'kuulukanso, ndiponso pamene udindo wake ukuthera, kaya ndi pakhomo pake, padoko la kwawo kapena pa Dar es Salaam. Mukaipeza proforma yotero bwerani nayo ku shopu kwanga Loweruka masana, tidzaiwerengere limodzi ndi ejenti wanga musanapite ku banki.